Galimoto Yopanda Denga

Msaiwale wabwera nayo ku Kapata,
galimoto yofiira yopanda denga,
akuti Loweruka inyamule mkwatibwi
idutse m'munsi mwa Kanjala mphepo ikuseweretsa velo.

Ndaizungulira kawiri.
Lamba wa m'chiuno alipo.
Nanga wa paphewa ndimukolowetse pati?
Mzati palibe, kumwambaku ndi mitambo yokha.

"Boolani pansi, a Daka, m'mbali mwa mpando."
Ayi, mwana iwe.
Lamba womangidwa m'munsi mwa phewa
tsiku la ngozi amapinda msana ngati bango.
Ndinauona wa Tisiyenji pa msewu wa Lundazi.
Mpaka lero amachita kumunyamula kuti aothere dzuwa.

Ndadula paipi yokhuthala,
ndaipinda ngati goli la ng'ombe,
ndaiwotcherera kuseri kwa mipando
pachitsulo chenicheni, osati lata lodyeka ndi dzimbiri.
Bawuti pamwamba pang'ono pa phewa,
nati ndamanga mpaka sipanala kulira.

Kenaka ndakhalamo ndekha,
ndadzigwetsera kutsogolo mwadzidzidzi.
Lamba wandigwira, gwa!

Akudandaula kuti paipiyo yaipitsa galimoto.
Akamangirirepo maluwa.
Ine ndikupukuta girisi m'manja,
khadi laukwati lili m'thumba la ovolosi.