Mpata wa pa Shelefu

Pa shelefu yanga pali mpata wa zala ziwiri.
Nachisale amafuna kuikapo botolo la mafuta odzola,
ine ndimati ayi, pamenepo pali mwini wake,
ali m'njira, akuchokera ku Dar.

Zimbale makumi asanu ndi limodzi, kuchotsapo chimodzi,
zonse makatuni a ku Japani:
anthu a maso ngati sosala, tsitsi ngati mutu wa chinanazi,
amene amakuwa asanamenyane
n'kulira akapambana.
Zonse ndinagula kwa Che Sudi,
pa benchi yawo kuseri kwa depoti,
pakati pa wowotcha chimanga ndi wosoka nsapato.
Sindinagulepo kwina. Funsani aliyense pa Salima pano.

Anandikola ndi mtsikana wokonza sitima zoyenda m'mitambo,
ine mwana wa mlonda wa pa siteshoni,
amene ndinakula ndikuika khutu pa njanji.
"Tenga ukaonere. Udzalipira mwezi ukatha."
Dzina langa analilemba m'kope la masamu la mdzukulu wawo.
Januwale wina, matumba ali gwa,
anandibisira zitatu m'jumbo pansi pa benchi
mphunzitsi wa ku sekondale atatchula mtengo wowirikiza.
Zoterozo munthu suiwala.

Sikuti katundu wawo anali wangwiro, ayi.
Mawu a pansi pa chithunzi, Chingerezi chothyoka miyendo,
pena Chitchaina chokhachokha,
ine n'kumawaikira mawu anga m'kamwa.
China chimaima pakati pa nkhondo, lupanga lili m'mwamba,
ndimachipaka mankhwala otsukira mano,
kuchipukuta ndi malaya,
kuchiuzira mpweya ngati ndikukoleza mbaula.
Dzuwa la Okutobala linapinda ziwiri ngati tsamba la fodya.

Kenako kunabwera Zakeyu ndi laputopu yake
pa khonde la saluni.
Faivi handiredi yokha, akuthirira nkhani yonse m'foni,
magawo mazana awiri, osadumpha, osakandika.
Anzanga onse anakhamukira komweko ngati ntchentche pa bango la mango.
Ine ndimadzera tsidya lina la msewu,
nkhope kumbali, ngati ndili naye ngongole.

Nambala naini, chomaliza,
m'mene mtsikana uja mwina apeza bambo ake, mwina ayi,
ndachidikira zaka zitatu.
"Basi ya Lachinayi," amatero Che Sudi.
Lachinayi likafika: "Za pa boda izi, achimwene, mukuzidziwa."

Dzulo ndinapeza benchi itadzaza matchaja,
matochi, mabatire, zikuto za foni zonyezimira.
Zimbale zotsala anagulitsa kwa mlimi wa ku Lifuwu,
akuti azimangirira pa chingwe
ziziopseza mpheta m'munda wa mpunga.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutsitsa mawu:
"Wa ku Dar uja anasiya kalekale, akugulitsa matayala.
Zitatu zako zomaliza ndinakabenetsa kwa Zakeyu,
chikuto n'kusindikiza ku sitolo ya zithunzi.
Ndimaopa kukuuza.
Pita kwa mwanayo, ukaone mathero ake. Sindikwiya."

Ndinagula tchaja chimene sindikuchifuna.
Pa saluni Zakeyu anandiitana ndi dzina,
sindikudziwa anamuuza ndani.
Ndinakweza dzanja, osaima.

Usiku, magetsi atabwera, ndinaika nambala eyiti.
Mtsikana ali pa denga la sitima, sipanala m'manja,
mphepo ikukoka malaya ake,
patsogolo pali mlatho woduka,
watsegula pakamwa kuti aitane wina,
ndipo chithunzi chinaima pomwe chimaima masiku onse.
Sindinadzuke kukachipukuta.

Nachisale analowa ndi botolo lake lija,
anayang'ana mpata, anayang'ana ine,
n'kukaliika pa windo.