Kabuku ka Zelipa

Ndalama ya chakudya inalowa Lolemba,
foni inanjenjemera m'thumba ngati kamwana ka mbalame.
Pofika Lachisanu Masauso anali mu nsapato zoyera,
ine nditagulira nkhuku ndi tchipisi
anthu asanu amene mayina awo sindiwadziwa mpaka lero.

Pa 12 mwezi unatha.
Kalendala yokha ndiyo inkakana.

Ku Kalingalinga kuli bambo wa kaloba,
amakhala pansi pa mtengo wa mapeyala,
saseka, sakalipa.
Tenga mazana asanu, ubweze asanu ndi awiri,
laputopu igone kuno.
Mayeso a zachuma ndinalemba
ndi cholembera chobwereka.
Funso loyamba: fotokozani chiwongoladzanja.
Ndinakhoza kuposa kalasi yonse.

Zelipa wa chipinda choyandikana
ali ndi kabuku kong'ambika chikuto.
Amalembamo tomato, minibasi,
zitumbuwa ziwiri, bandulo ya usiku.
Tinkamutcha nduna ya chuma.
Mwezi ukangobadwa amapita ku Soweto,
kapenta, nyemba, mafuta, sopo,
ina amaponya ku chilimba cha anthu anayi,
ndipo pa 25 fungo la anyezi wokazinga
limatuluka pakhomo pake pokha
n'kuyenda m'khonde monse kutifunsa mafunso.

Dzulo ndagula kabuku kanga.
Ndinakhala pabedi, tsamba loyamba,
ndinalemba: kabuku, makwacha asanu ndi atatu.
Pansi pake: kaloba.
Dzanja linaima.

Amayi atumiza uthenga kuchokera ku Katete,
mwanawe, ukudya koma?
Ndayankha kuti eya.
Bodza limeneli ndililembe mbali iti,
ya zolowa kapena ya zotuluka?