Wowerenga Madzi

Ntchito yanga ndi mtengo umodzi
wozikidwa m'mphepete mwa Ruo, kufupi ndi Makhanga,
wopakidwa utoto patatu:
msipu m'munsi, chikasu pakati, pamwamba pofiira.
Ndimapitako m'mawa ndi madzulo,
ndimaona pamene madzi anyambita,
ndimabwerako ndi mawu.

Chaka choyamba ndinati, "Samukani lero."
Anasamuka akung'ung'udza.
Usiku womwewo mtsinje unalowa m'nyumba zawo
n'kugona pa mphasa zawo.
Sabata isanathe, Mai Dominga anabwera ndi nkhuku yoyera,
a Zuze dengu la mapira,
ana asukulu n'kunditcha Wailesi.
Ndisaname: china chake chinayaka m'mutumu,
chinatsekemera ngati nzimbe ya ku Nchalo
yotafuna dzuwa lili paliwombo.
Ndinayamba kulangiza osafunsidwa,
za mtengo wa thonje, za chitopa,
za ukwati wa mwana wa a Fombe,
nkhani zimene mtengo wanga sunandiuzepo.

Chaka chachitatu madzi anadutsa pachikasu,
anakhudza pofiira ndi nsonga ya lilime.
Ndinaliza kherere.
Anthu anakwera kumtunda, ana kumsana,
anagona m'kalasi masiku anayi.
Mtsinje unasintha maganizo.
Pobwerera anapeza makola ali pululu,
akuba atadutsa pa bwato.
Mbuzi zisanu ndi ziwiri za a Zuze.

Palibe anandimenya.
Anangoleka kundipatsa moni kuchigayo,
ndipo wina analemba ndi khala pachitseko changa:
Mneneri wa achule.

Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa za mvula
ndimati, "Tiona."
Ngakhale za nsomba, tiona.

Luwiza, mwana wanga wophunzira unamwino,
atabwera kutchuthi anajambula ubongo padothi ndi chala.
"Ababa, si inu nokha.
Apa ndi pamene pamakondwa mukayamikiridwa,
pakalawa kamodzi pamapempha kena.
Apa, m'katimu, pali kanthu konga njere ya mtedza.
Kamasunga mantha.
Kakapsa kamodzi kamabweza lilime
monga dzanja lithawira mbaula."
Ndinafunsa: nanga pokhala choonadi ndi pati?
Anaseka, nafufuta ndi phazi.
"Phunziro limenelo sitinafikepo."

Usiku uno kuno kulibe mtambo.
Nyenyezi mbwee, udzudzu uli pantchito yake,
kutentha kwa m'chigwa kwakana kugona.
Koma ku Mulanje yagwa masiku atatu,
ndipo Ruo wabwera ndi makoko a nthochi,
ndi chitseko cha munthu amene sindimudziwa.
Ndaunika ndi tochi ya pafoni.
Zala ziwiri kuti afike pofiira.
Pamene ndimachoka kunyumba zinali zinayi.

M'mutu mwanga muli awiri akulimbana.
Wina akununkhiza kale nkhuku ya Mai Dominga,
akuti liza, liza, adzakuimbanso dzina.
Wina akuwerenga khala lija pachitseko
chilembo ndi chilembo,
akuti dikira chala chimodzi,
wakutuma ndani, iwe,
amene sanalankhule sanalakwe.

Ndawamvetsera onse awiri
ndipo ndaona chinthu chondichititsa manyazi:
onse akunena za ine.
Palibe watchula mdzukulu wa a Zuze,
wobadwa Lachiwiri, wopanda dzina,
amene wagona pansi, pansalu ya amake,
m'nyumba yachitatu kuchokera pagombe.
Sadziwa kupereka nkhuku.
Sadziwa kugwira khala.

Ndatsikira m'matope mpaka m'mawondo,
ndayika chikhatho pamtengo
kuti khungu limve zimene maso akukayika.
Madzi akukwera pa chala changa chaching'ono,
mwakachetechete, ngati nyerere.

Mwina mawa abwerera.
Mwina akuba akonza kale nkhafi.
Chitseko changa chili ndi malo a mawu ena,
ndipo makala satha m'mudzi muno.

Kherere ndamuika pamilomo.
Ngozizira, akumveka dzimbiri.
Awiri aja sanamalize mlandu wawo.
Ndikukoka mpweya.