Theka la Khadi

Malaiti atathawa pa kiliniki ya ku Kapata
ndinatsala ndi makhadi a odwala m'manja,
foni younikira nditailuma ndi mano.
Ntchito yanga sisintha:
kutola khadi, kuona nambala,
kulibweza m'mbuyo, kudumpha akuluakulu onse
mpaka lipeze mng'ono wake, litsamire pamenepo.
Kenaka lina. Kenaka linanso.

Zelipa, mwana wa mlongo wanga, uja wa masamu,
anali pa benchi kudikira kuti tikwerane pa njinga.
Anati: Amalume, mumadumpha kangati?
Ndinati zimatengera tsiku.
Lolemba lina a Shawa anandipatsa mulu wolongosoka kale,
ndinaweruka dzuwa likadali pamwamba pa Kanjala.
Lachisanu lina unabwera chadodolido,
khadi lililonse kuyenda ulendo wonse,
msana n'kundiwerengera zaka zanga.

Anati: masiku awiriwo asiyeni,
ndi ukwati ndi maliro.
Ine ndikufunsa za Lachitatu wamba.

Anang'amba katoni ya panado nayamba kulemba.
Tengani makhadi khumi okha.
Musawaone ngati mzere, aoneni awiriawiri,
ili ndi ilo, ilo ndi lija:
mapeya makumi anayi ndi asanu.
Pa peya iliyonse, kutsogola wamkulu kapena wamng'ono
kuli ngati ngwee yoponya m'mwamba.
Wamkulu akatsogola ndi ngongole,
mudzailipira ndi kudumpha kumodzi, kumodzi kokha.
Ndiye dulani pakati:
makumi awiri ndi ziwiri, ndi theka.

Ndinaseka mpaka foni inagwa m'kamwa.
Theka? Zaka khumi ndi zinayi pa tebulo lino
sindinadumphepo theka la khadi.
Anati: inde, tsikulo silicha,
koma masiku onse amalizungulira
ngati mbuzi pa chikhomo.

Nanga makhadi akakhala makumi awiri?
Ndinadziyankha ndekha kuti n'kuwirikiza basi.
Anapukusa mutu:
makumi asanu ndi anayi, kudza zisanu.
Mulu ukakula kawiri, thukuta limakula kanayi
ndi kambasela pamwamba.

Ndinakumbukira Febuluwale wa malungo
pamene mzere unakafika pa mtengo wa mango,
ine n'kumatukwana zala zanga kuti zakalamba,
n'kumabisa maso a sisita akamadutsa.
Sizinali zala.

Koma iwe, ndinatero, ngwee yako ilibe tsankho.
Mulu wanga uli nalo.
Manambala ang'onoang'ono ndi a nkhalamba za shuga,
zimalawira tambala asanakambe.
Amayi a ku Nabvutika analembetsa tsiku limodzi,
amabweranso limodzi, makhadi atagwirana ngati nthochi.
Atsopano amafika mochedwa, atasochera kaye ku famase.
Mulu umafika pano utadzikonza kale pang'ono
ndi miyendo ya eni ake.

Zelipa analuma bolopeni.
Anafufuta mzere umodzi, nausiya, naubwerera.
Anati: ndiye mundiwerengere mawa,
ndi mkuja, mwezi wonse,
tione kuti chikhomo chanu chili pati.

Malaiti anabwera osapepesa.
M'dzanja langa munatsala khadi limodzi,
la mwana wobadwa dzulo, nambala yaikulu kuposa onse.
Silinadumphe aliyense.
Ndinaliika kumapeto, n'kulemba ziro pa katoni.