Mota ya pa Kaphatenga

Setifiketi ili m'pulasitiki pansi pa matiresi.
Dzina langa, Dziwenji, analemba molakwika
koma sindinabwerere kukawauza:
ya minibasi yokha ndi ndiwo za masiku atatu.

Zaka zitatu kukoleji ndinaphunzira
kumva mota ikamadwala,
fungo la waya wopsa,
kulira kwa bering'i yosowa girizi.
Za chiwongoladzanja palibe anatiphunzitsa.

Lero chigayo cha a Mbaluku chinaima.
Ndafukula kopala wakuda bii,
ndakulunga watsopano, milomo ikuwerenga
mpaka makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri,
zala zikuchucha magazi.
Chalira. Amayi a pamzere aimba nthungululu.
A Mbaluku andipatsa theka,
akuti zinazo mwezi ukatha.

Lachinayi buku la banki m'khonde litsegulidwanso.
Dzina la mayi anga likadali momwemo,
ngakhale mbuzi zinayi zinapita,
ndi njinga ya malemu bambo.

Akuti ku Dwangwa akulemba ntchito.
Akhala akutero chiyambire dzinja latha.

Ndabweza tesita m'thumba la ovolosi.
Kanyali kake kamayaka
paliponse pamene patsala moto.
Pachifuwa panga sindinayesepo.