Phazi la Asiyatu

Anthu onse abwera kudzaona mpira.
Ine anandituma kuyang'ana phazi.

Loweruka, bwalo la kuseri kwa sukulu ku Matawale,
phiri lafunda nkhungu mpaka m'chiuno,
mizere ya laimu yafufutika ndi mvula ya dzulo,
ndipo ndaima chapafupi ndi besi yoyamba
mu shati yabuluu yobwereka, yothina m'khwapa.

Asiyatu ali pakati.
Manja pamodzi, mpira wabisala m'gulovu,
akoka mpweya kamodzi,
mkono uzungulira ngati gudumu la kabaza pa mtsetse wa ku Chinamwali.
Mpirawo suuona,
umangomva phaa! m'dzanja la wowakha.

Koma phazi.
Lamulo likuti lakumbuyo lizikhwekhwereza pansi,
lisiye chipsera m'dothi,
lisauluke, lisatere n'kukankhanso kachiwiri.
La Asiyatu lauluka.
Pang'ono pokha, mpata wolowetsamo kope la mwana wa sitandade wani,
koma kuwala ndakuona kunsi kwa nsapato.

Koyamba ndameza malovu.
Ndati mwina ndi dzenje lija
atsikana akumba ndi zala za kumapazi chaka chonse
kutsogolo kwa thabwa loponyerapo.
Ndayeza ndi maso. Ayi.
Ladutsa pamwamba pa dzenje, pamwamba pa nthaka yomwe.
Kachiwiri mkono wanga wamanzere watambasuka wokha,
chibakera chili gwa,
mawu atuluka ouma ngati chigumu chogona:
Waponya molakwa.

Bwalo lonse zii.
Mnyamata wa mtedza waima, ndalama ya wina ili m'manja.
Womenya wapatsidwa besi yaulere,
wa pa besi yachitatu akuyenda mwachifatse kukaponda kwawo,
sakuthamanga n'komwe, akukonza tsitsi.

A Likoswe atulukira, chipewa m'manja, mitsempha ya m'khosi ili njo:
Zaka zitatu mwanayu akuponya chonchi,
ku Blantyre, ku Dedza, palibe ananenapo kanthu!
Ndikudziwa, akochi.
Pa masewero awiri mwa amenewo
woimira pa besi yoyamba ndinali ine.

Mayi ake ndimawadziwa.
Amagulitsa sitiroberi pa msewu wokwera ku Chawe,
amandiikira basera osawerenga.
Nsapato zija anazipeza pa kaunjika, imodzi yokulirapo.
Mwanayu amaponyera matiresi akale oyedzeka pa khoma la chigayo
mpaka magetsi atazima.
Zonsezi m'buku la malamulo mulibe.
Muli phazi, muli nthaka,
ndi zomwe siziyenera kukhala pakati pa ziwirizi.

Nanenso ndinali ndi phazi louluka.
Anandisiya nalo, ankandiombera m'manja,
kufikira tsiku lomwe tinawoloka malire pa basi ya usiku,
munthu wachilendo anatambasula mkono kanayi motsatizana
ndipo ndinalira m'chimbudzi cha bwalo la eni.
Izi sindinawauze a Likoswe.
Nthawi yofotokoza palibe, womenya wina wafika kale.

Asiyatu sakundiyang'ana.
Akwirira dzenje ndi m'mbali mwa nsapato, apondaponda,
alavula, ayika manja pamodzi.
Tsopano phazi likukhwekhwereza, lolemera ngati lomangidwa njerwa,
mpira ukupita wofooka, wooneka ndi misoko yomwe,
ndipo mtsikana wa ku Sadzi aumenya
mpaka m'chimanga cha ahedi.

Agonja ndi zitatu.
Wina wanditchula mfiti, wina wati ndadya za ku Sadzi.
Ine amene ndidzayende wapansi mpaka ku Mpondabwino.

Anthu atabalalika ndapita pakati paja.
M'dothi lonyowa muli mzere watsopano,
wokhota, waufupi, ngati woyamba kulemba.
Ndamva mthunzi kumbuyo kwanga.
Madamu, linadzuka bwanji?
Ndamuonetsa ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala.
Wayang'ana kampatako nthawi yaitali,
kenako wawerama,
kukhudza nsonga ya nsapato yakumanja
pomwe nsalu yayamba kung'ambika.