Nambala Yaing'ono ya Kumbuyo kwa Botolo

Usiku wa Lachiwiri katumba wanga wakumanja
anadzuka yekha ine ndili m'tulo,
nadzimanga mfundo ngati chingwe chonyowa.
Ndinakuwa. Leszek sanatembenuke n'komwe.
Ndinaima ndi mwendo umodzi pa matailosi ozizira
ngati dokowe wosochera nyengo,
ndikuwerenga maola otsala
kuti ndikatulutse tiramu yoyamba
m'misewu ya Łódź, chisanu chikali pa njanji.

Ku depoti aliyense ndi dokotala.
Wiesiek wa nambala 12 akuti,
magineziyamu, mayi, wa okusaidi, ngotchipa.
Bożena wa m'kantini akupukusa mutu:
ameneyo anandithamangitsa kuchimbudzi sabata yathunthu,
gula wa sitireti.
Mwana wanga ku Dublin wanditumizira chithunzi
cha botolo lobiriwira, lolembedwa mokongola,
mtengo wake wa nsapato.

Ndiye Loweruka ndalowa m'sitolo ya mankhwala
ya pa ngodya, pafupi ndi ophika buledi,
magalasi ndaiwala m'jekete ya kuntchito.
Shelefu yachitatu yonse ndi iyeyo.
Wina ali ndi chithunzi cha mwezi, akulonjeza tulo.
Wina mnyamata wothamanga, thukuta lili kamukamu.
Wina mayi akumwetulira
ngati sanadikirepo loboti yofiira moyo wake wonse.
Wosungunula m'madzi, womeza, wotafuna,
wokhala ndi vitamini, wopanda.
Ndatambasula mkono mpaka polekezera
kuti zilembo zileke kuvina.
Mazana atatu. Mazana asanu. Chikwi.
Ndatola wa chikwiyo.
Pogula mbatata sindisankha thumba laling'ono.

Mayi Mirosława sanaulandire msanga.
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.
Impso zili bwanji?
Pali mankhwala ena amene mukumwa?
Khofi makapu angati?
Ndinati atatu. Anakhala chete.
Ndinati asanu, nthawi zina sikisi.
Nanga dzulo masana munadya chiyani?

Ndinaganiza.
Banzi, choimirira, pa siteji yomaliza,
dzanja lina litagwira chitseko.
Dzana? Banzi yemweyo.
Zaka makumi awiri ndi zitatu phazi lili pa pedulo
ndipo palibe anandifunsapo zimenezi.
Pakhosi panandiuma.
Kumbuyo kwanga bambo wina anatsokomola
ndi pepala la dokotala m'manja.

Anatembenuza botolo, naloza ndi chikhadabo.
Nambala yaikulu kutsogoloyi ndi katundu yense
pamodzi ndi ngolo yake.
Imene mukufunayo ndi iyi,
yaing'onoyi, yobisala pansi apa.
Ndipo chifukwa cha mapilisi anu a kuthamanga kwa magazi
muyambe mwaonana ndi dokotala wanu.
Mwendo ukhoza kulira pa zifukwa zambiri.

Anabweza chikwi changa pa shelefu.
Anandipatsa kabokosi koyera, kopanda mwezi,
kopanda wothamanga,
nalemba ndi bolopeni pa chivindikiro:
funsani kaye.

Potuluka ndinadzera kumsika.
Kasha theka la kilo, nyemba zoyera,
nthanga za maungu m'kapepala kofiirira.
Tsopano zimakhala m'thumba la jekete
limodzi ndi magalasi aja,
ndimatafuna pa loboti ya pa Piotrkowska
anthu akuwoloka, makolala ali m'makutu.

Dokotala anandipatsa Lachinayi la sabata yamawa.
Kabokosi kali pawindo la kukhitchini
pakati pa mchere ndi wailesi, sikanatsegulidwe.
Madzulo ndimatsamira khoma ndi manja awiri,
chidendene pansi, kukoka katumba pang'onopang'ono
monga anandionetsera mayi aja
pakati pa sitolo, osachita manyazi.

Dzulo wagwiranso, cha m'ma thiri koloko,
koma mwaulemu, ngati wogogoda asanalowe.
Ndinadzuka, ndinaponda pansi.
Leszek anatsegula diso limodzi.
Ndi mwendo uja?
Ndi womwewo.
Anatulutsa dzanja m'bulangete, nausisita
molakwika, pa bondo,
mpaka anagonanso dzanja lili pomwepo.